Gawo la Agalu

Nguluwe imene inamaliza chinangwa changa
tinaipeza Lachitatu, swala ya m'mawa itangotha,
itagona chammbali kumunsi kwa munda wa a Twaibu,
ntchentche zitayamba kale msonkhano pamphuno.
Panalibe bala. Panalibe khwekhwe pakhosi.
Ndinaziona zimenezo, inde ndinaziona,
koma maso anali pa mafuta.

Ife nguluwe sitidya, Katuli yense akudziwa,
poikoka ndinachita kuvala majumbo m'manja.
Koma galu alibe shehe.
Ndinali nawo atatu:
Zilipano, Mwandiyesa,
ndi kagalu ka miyendo yoyera
kamene Asiyatu anakatcha Bwerera
chaka chimene mwamuna wake anakwera basi ya ku Joni.

Miyezi inayi akunyambita madeya a m'madzi,
mitu ya bonya ngati msika wayenda bwino,
usana kulimbana ndi anyani, usiku kuuwa mdima,
nthiti zikuwerengeka ngati mizere ya malata.
Ndiye ndinati, lero landirani malipiro.
Ndinatumbula ndi chikwanje n'kuponya zonse,
chiwindi, matumbo, chifu chodzaza tho.
Mwandiyesa, poti ndiye wamkulu,
anakokera chifucho kuseri kwa chulu
kukadya yekha.

Dzuwa lisanafike paliwombo
miyendo inayamba kumukana.
Thovu kukamwa, maso ngati njere za mpiru,
thupi lonse likunjenjemera ngati chigayo.
Tinasinja makala, tinaswa mazira aawisi,
mwana wina anathamangira mkaka ku golosale.
Pamenepo a Twaibu anafika, chisoti m'manja,
akuyang'ana zala zawo zakuphazi:
ndinathira tameki m'chinangwa dzana,
ndimafuna nguluweyo, osati galu wanu.

Tinamuika pansi pa msuku, dzenje lofika m'chiuno,
nguluwe yotsalayo pambali pake,
miyala pamwamba kuti anzake asafukule.

Mayi Chikopa, alangizi a ziweto a ku Namwera,
anabwera Lachisanu, fumbi mpaka m'nsidze.
Sanandikalipire. Bola akanakalipa.
Anakhala pa mtondo, akusisita Bwerera m'khutu,
n'kunena kuti nyama ya m'tchire si mdani wa galu,
imamanga thupi, ubweya umawala,
koma imene sunaione ikufa, ikwirire.
Ndinati, nanga yomwe ndapha ndekha?
Anati zam'kati taya,
yotsalayo wiritsa mpaka kufiira kuthe,
muli tinjoka tosaoneka todikira mimba yatsopano.
Ndipo fupa likapsa limang'aluka ngati nsungwi,
usawapatse.
Zina ananena akuliza kale njinga,
za dzungu, za madeya, za kusathira mchere,
mphepo inatenga theka.

Mvula yagwa kawiri chichokereni tsikulo.
Dzulo Imedi, mwana wanga, wabaya ina ndi mkondo,
ndinaiona ikuphupha, ndinamva kulira kwake.
Ndawiritsa m'chitini cha penti, kutali ndi khitchini,
poti mayi a kunyumba analumbira
kuti ngakhale utsi wake usadutse pakhonde.
Ndasadzula ndi mpeni, ndatola mafupa limodzilimodzi
monga mmene mayi amachotsera minga m'nsomba ya mwana,
ndasakaniza ndi madeya ndi dzungu la m'dimba,
ndadikira kuti zizizire.

Zilipano wakalamba, amadya atagona.
Bwerera wakula, chifuwa ngati cha mbuzi yaimuna,
ndipo mwini dzina uja sanabwerebe.
A Twaibu timapatsana moni ku mzikiti,
nkhani ya tameki sitiitchula,
koma ndinamva kuti chaka chino akumba dzenje
m'malo mothira mankhwala.

Chokhacho chimene dzanja langa silinaphunzire
ndi kugawa pawiri.
Ndikazindikira, mbale zili zitatu pansi,
ziwiri zikulira ndi malilime,
yachitatu ikufuka nthunzi yokha
moyang'ana kumsuku.